Pasita Imene Sindinaitsegule

1

Ndiyambe ndi kukupeputsirani ntchito, inu okonda kufufuza za eni: ndine. Amene anatsegulira dziko lonse pasita ya mapepala ya m'komputadori ya a Diretori Octávio Lachisanu lija ndine, Benedita. Lekani kunong'onezana pamsika wa pa Tsangano ngati mukugulitsana nyama yakuba.

Ndili ndi zaka vinte e quatro, makumi awiri ndi zinayi, ndipo dipoloma ndilibe. Shikola ndinalekezera desima, kalasi ya khumi, kwathu ku Chidzolomondo m'boma la Macanga, chaka chimene matalala anaboola fodya yense wa amayi anga, a Teresa. Bambo sindinawaonepo. Ndinauzidwa kuti anapita ku Joni ine ndili m'mimba, Joniyo n'kuwameza monga amezera amuna a eni.

Komputadori ndinaiphunzira pachulu. Musaseke. Kumudzi kwathu rede, netiweki ya foni, imagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa chigafa cha amalume anga a Felizardo. Ndinkakhala pamenepo ndi kafoni kosweka galasi, kuonera akatswiri a ku Brasil akufotokoza za makina mpaka moto kutha m'foni. Chiswe cha pachulu chija chinkandidziwa ndi dzina.

Nditabwera ku Tsangano ndinapeza ganyu m'kabaraka kokopera mapepala pafupi ndi msika. Kumeneko bambo wina wa chipewa chakuda anayamba kubwera sabata iliyonse ndi pepala limodzi. Limodzi basi. Makina akadya pepala, ankaima n'kumandiyang'ana ndikuwamasula.

"Menina, mtsikana iwe, zimenezi unaphunzira kuti?"

"Pachulu."

Sanaseke. Patapita mwezi anandilemba ntchito ku Mgwirizano wa Alimi a Tikolole, kumene iwo anali Diretori. Tsiku loyamba ndinapeza makina okopera mapepala, aakulu ngati ng'ombe, ali pakhomo penipeni pa ofesi yawo, akugwira ntchito bwinobwino. Ndinadabwa pang'ono, n'kuiwala. Mutu wanga umagwira msanga za makina. Za anthu umachedwa.

2

Pakontaratu analemba kuti ndine "wothandizira". Kuthandizira ndani, sizinalembedwe. Chaka chomwecho mgwirizano unalandira sisitema ija imene amagwiritsa ntchito m'maofesi akuluakulu: makalata, kalendala, mapasita osungiramo mapepala a onse, ndi misonkhano yoonana nkhope pafoni. Katswiri anachokera ku Maputo, anailumikiza masiku awiri, anadandaula za kuzizira kwa kuno, anadya mbatata yathu yokazinga, n'kuthawa. Konta yaikulu, akaunti ya woyang'anira zonse, anaisiya pakapepala patebulo. Aliyense anakazemba kapepalako ngati nkhuku yofa yokha. Ine ndinakatola.

Zaka zinayi ndinanyamula sisitema ija pamutu. Makonta sessenta e dois, makumi asanu ndi limodzi kudza awiri. Ndinaphunzitsa alangizi okalamba kutseka maikolofoni pamsonkhano, chifukwa kale tinkamva mbuzi zawo kuposa maganizo awo. Mlangizi wa ku Ntengo-Wambalame akajambula chiwawu pa mbatata m'mawa, masana mankhwala anali ali panjira. Ndani aone chiyani, ndani alembe pati, ndani angoyang'ana osakhudza, zonsezo zinali m'manja mwa "wothandizira".

Nkhondo yanga yaikulu inali senya, mawu achinsinsi olowera m'konta. Kwathu kuno senya ndi imodzi: dzina la mwana woyamba ndi chaka chimene anabadwa. Kuyambira mlonda mpaka mkulu wa alangizi. Wakuba wofuna kulowa m'sisitema yathu sankafunika nzeru, ankangofunika kupezeka pa maubatizo.

"Dona Adelaide, sinthani. Tsangano yense akudziwa kuti mwana wanu woyamba ndi Filipe."

"Ndiye ndiike dzina la mwana wa ndani? Wa vizinyu woyandikana naye nyumba?"

Dona Adelaide anali mkazi wa a Diretori, woyang'anira nyumba yosungira mbewu, mayi woti akakuyang'ana umakumbukira machimo a chaka chatha.

Amuna awo ndiwo anali katswiri wa chinsinsi. Akamalemba senya ankavundikira dzanja ndi chipewa ngati agwira mbewa.

"A Diretori, musazunze chipewa. Ndi Filipe yemweyo."

"Si zonse zimene ukudziwa, menina."

Ndinaseka. Ine? M'sisitema yanga?

Ndinali ndi lamulo limodzi limene ndinkadzitama nalo paliponse: ine sindiwerenga za anthu. Mayina a mapasita ndi kulemera kwake ndinkaona, chifukwa ndi ntchito, koma kutsegula ayi. Mawu amenewa muwasunge bwino, tikumana nawonso kutsogoloku.

3

Mwezi wa Junyu, chisanu chikuluma mpaka m'mafupa, a Diretori anatiitana tonse. Pambali pawo panaima kabambo ka nsapato zosongoka, kakunjenjemera m'kajekete kopepuka.

"Bungwe lagamula kuti sisitema ikhale ndi mwini wake weniweni, wa mapepala. Awa ndi Enjinyeru Sandro, achokera ku Beira. Benedita awaonetsa zonse sabata ino, Lolemba awapatsa makiyi."

Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, kamodzi kokha, mwamphamvu moti Flora, mlembi wa a Diretori, anagwetsa cholembera.

Tsiku lake loyamba Enjinyeru wathu anafufuta gulu lonse la alangizi pofuna "kukonza dongosolo". Ndinalibwezeretsa iye akufufuzabe m'buku lake, mwina tsamba lonena za kupepesa. Lachitatu anandifunsa ngati ndine amene ndimawiritsa madzi a tiyi. Ndinamuuza kuti zimenezo zimafuna dipoloma. Lachinayi ndinamuphunzitsa kuwerenga rejisitu, kaundula amene amalemba yekha konta ya aliyense wosintha kanthu m'sisitema, ndi ola lake. Ndinali nditamuyatsa ndekha zaka zitatu zapitazo.

"Uyu sanama, ndipo alibe m'bale," ndinamuuza monyada.

Kuchoka pamenepo ndinalowa kwa a Diretori osagogoda.

"Zaka zinayi. Sisitema inagwapo tsiku limodzi?"

"Ayi."

"Ndiye ndalakwa chiyani?"

"Bungwe likufuna pepala."

"Inu munawauza chiyani abungwewo? Dzina langa munalitchulako?"

Anayang'ana chipewa chawo patebulo, ngati yankho lili m'kati mwake.

"Kapena Sandroyu ndi mwana wa mlongo wanu? Nenani tidziwe, timugulire mphatso."

Anaimirira. "Tamvera, menina. Muno sindikweza munthu chifukwa cha magazi. Ndine mkulu wa mpingo ine."

"Amen," ndinatero, n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala ya pakhoma inagwa.

4

Flora ananditsatira kuseri kwa ofesi kumene timaothera dzuwa.

"Mkulu wa mpingo!" anatero akusenda nthochi. "Amwali, mukanadziwa."

"Chiyani?"

"Ali ndi kanthu kwanu ku Macanga. Ine ndakhala pakhomo paja zaka khumi. Makalata ankabwera ndi shapa, minibasi zija, olembedwa pamanja, opanda dzina kuseri. Akalandira, chitseko khwa! Ola lathunthu. Potuluka maso psu, ngati anali kukhitchini ya nkhuni zaziwisi."

Ndinakumbukira pomwepo. M'konta ya a Diretori munali pasita imodzi yolemera kuposa mapulani onse a mbewu. Dzina lake: "Wanga wa ku Macanga". Ndinkaiona mwezi uliwonse poyeza malo otsala m'sisitema, n'kumaidumpha monga munthu wa khalidwe.

Magazi anandiwira. Ndiye kuti bambo wopempherayu akudyera kamtsikana ka kwathu, kosauka, kopanda woimira, n'kumabwera kuno kudzatiphunzitsa za magazi ndi mapepala?

Lachisanu masana, anthu akulongedza zikwama, ndinalowa ndi konta yaikulu komaliza. Senya yawo sindinaifune. Woyang'anira safuna senya ya munthu, ali ndi khomo lake. Ndinapita pa pasita ija, pamene panalembedwa kuti "mwini yekha", n'kusankha "onse a mgwirizano". Ndinakonzanso kuti kauthenga kodziwitsa anthu kapite Lolemba ola la nove, naini koloko m'mawa, msonkhano waukulu uli m'kati.

Kuitsegula? Ayi ndithu. Ine sindiwerenga za anthu. Ndinangozula chitseko kuti ena awerenge. Ndinatuluka ndikudzimva woyera mtima, mpaka ndinamugulira Flora chimanga chootcha.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi kukaonerera. A Diretori ndiwo anatsogolera pemphero, mawu ali zii, manja pachifuwa. Potuluka anandipeza pakhomo.

"Menina, ulibe juzi ina? Iyi yatha. Udwala chifuwa."

"Ndikagula ndikalandira dipoloma."

Foni inali m'thumba mwanga. Kubweza zimene ndinachita kunali kwa mphindi imodzi, ndipo chala chinandiyabwadi. Koma ndinaona Sandro akupatsidwa moni ndi abungwe pansi pa mkungudza, nsapato zija zikuwala, chala n'kupola chokha.

5

Lolemba chipinda cha misonkhano chinadzaza. Atsogoleri a magulu a alimi a ku Ntengo-Wambalame anabwera ndi majasi awo, abungwe anakhala kutsogolo, Dona Adelaide pambali pa amuna awo. A Diretori anali pakati pofotokoza za mbewu yatsopano pamene mafoni analira onse pamodzi, ngati achule a mvula yoyamba.

Ndinapinda manja. Ndinadikira chilungamo.

Mitu inawerama. Zala zinayenda. Kenako mitu inayamba kudzuka umodziumodzi, koma sinatembenukire kwa a Diretori. Inatembenukira kwa ine. Ndinati eya, anthu azindikira ngwazi yawo.

Flora anandikoka dzanja. "Bene, tuluka."

"Nditulukirenji? Gule akungoyamba."

"Amwali, munayang'ana zili m'menemo?"

"Ine sindiwere..."

Anandiika foni yake pamphuno.

Chithunzi choyamba: khanda pasikelo ya kuchipatala, litakulungidwa m'kapulana, chitenje cha nkhanga zobiriwira. Kapulana imeneyo ndikuidziwa, mpaka lero amayi amavundikira nayo bokosi la zovala. Chachiwiri: kamtsikana kometa mpala, m'diresi ya kushikola yaikulu ngati thumba la fetereza. Chachitatu: pepala lokhozera sétima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, dzina langa lonse lili pamwamba. Chachinayi: ine m'kabaraka kaja, mutu uli m'makina okopera. Pansi pake panali makalata ojambulidwa, ambirimbiri, m'zilembo zopendekeka zimene zinandiphunzitsa a, e, i.

"Octávio, mwana wako wayamba kuyenda."

"Octávio, mwana wako watenga mtima wako wapachala, dzulo wamenya mphunzitsi ndi chofufutira."

"Octávio, usabwere. Achimwene akuti akakuona akuthyola miyendo. Koma ine sindinakuiwale."

Kamtsikana kosauka ka ku Macanga kamene ndinkakamenyera nkhondo ndinakapeza. Kanali ine.

Dona Adelaide anaimirira, anakonza duku, anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene ndinakhala. Anandiyang'ana mphumi, makutu, chibwano, monga ayang'anira mbewu yokayikitsa.

"Zaka zinayi ndakhala ndikudzifunsa kuti makutu awa ndinawaona kuti," anatero.

Anatuluka. Chitseko sanamenyetse. Zomenyetsa zitseko ndi za kubanja kwathu.

6

Abungwe anafunsa Enjinyeru kuti wachita zimenezi ndani. Sandro anatsegula rejisitu mwaluso ndithu. Anali ndi mphunzitsi wabwino.

"Lachisanu, ola la quinze e doze masana, konta yaikulu..." Anandiyang'ana, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. "Mwina ndi vírus, akuluakulu."

Munthu amene ndinamunyoza sabata yathunthu ndiye anayesa kundibisa. Zinandikwiyitsa kuposa dipoloma yake.

"Si vírus," ndinatero. "Ndine."

Masana a Diretori anandiitana. Chipewa chinali pansi, palibe anachitola.

"Khala."

"Ndiima. Ku Joni kunali bwanji?"

Anatseka maso. Anafotokoza ngati akuwerenga lipoti la mbewu. Anali mlangizi wa fodya ku Chidzolomondo asanakwatire Dona Adelaide. Mimba itaoneka, akwawo, Angoni a ng'ombe, anati alowola, mwana akhale wa kwa bambo monga mwa mwambo wawo. Amalume a Felizardo anakana: kwathu mwana ndi wa kwa mayi, mbumba yathu sitisinthanitsa ndi ng'ombe, mwamunayo abwere adzakhale kuno. Akwawo anati mwana wawo sangakakhale mkamwini wolima munda wa apongozi. Mbali zonse ziwiri zinapambana. Anagwirizana kuti bamboyo apite ku Joni, Joni wake wa pa Tsangano pompano.

"Zimenezo ndi za akuluakulu," ndinatero. "Ine ndikufunsa za ntchito yanga."

"Tsegula pepala lomaliza m'pasitamo."

Ndinatsegula. Inali kalata yopita ku bungwe, ya mwezi wa Abirili, masamba awiri, yonena kuti palibe woyenera udindowu kuposa Benedita, dipoloma kaya palibe. Munali mpaka nkhani ya mbuzi za pamsonkhano. Kalatayo sinatumizidwe.

"Ndinaopa," anatero. "Akanafunsa kuti bwanji ndikulimbikira chonchi. Ukanakhala mwana wa munthu wina, ndikanakumenyera nkhondo mpaka ku Maputo."

Ndinaseka mpaka misozi. Anzanga amakwezedwa chifukwa cha magazi. Ine ndekha m'chigawo chonse cha Tete ndinatsitsidwa nawo.

Anatembenuza komputadori kuti ndione, anaika dzanja poyera, n'kulemba senya ndi chala chimodzi, akutchula chilembo chilichonse. Dzina la mwana woyamba ndi chaka chobadwa, monga aliyense wa kwathu kuno. Sanali Filipe.

"Ndinakuuzani kuti musinthe imeneyo," ndinatero.

Kalata ya bungwe inabwera Lachitatu: woyang'anira amene watsegulira anthu za mwini sangasungitsidwenso makiyi, ngakhale a chimbudzi. A chimbudziwo ndawonjezera ine. Ndinaiwerenga kawiri kufunafuna pamene andipondereza. Sindinapapeze, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa.

7

Ndinakwera shapa ziwiri ndi njinga yamoto imodzi kupita ku Chidzolomondo. Nkhani inali itandidutsa kale. Rede imene imakana kutumiza mitengo ya fodya inanyamula makalata a amayi anga osapunthwa, kuchoka foni iyi kupita foni iyo, mpaka amayi a kutchalitchi anawawerengera pachulu changa chomwe chija.

Ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya. Sanadzutse mutu.

"Amayi."

"Mwafika, a enjinyeru?"

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanatani? Ukanamenyetsa chitseko cha ndani?" Anaika tsamba pamulu wake. "Dzulo andichotsa pa utsogoleri wa amayi a kutchalitchi. Si chifukwa cha kubadwa kwako ayi, zimenezo mudzi wonse unkadziwa n'kukhala chete. Akuti chifukwa ndinapitiriza kulembera mwamuna wa mwini. Amalume ako sakundiyankhula. Akuti ndinawapusitsa zaka zonsezi."

Ndinagwada pafumbi la fodya. "Ndimafuna chilungamo, amayi."

"Wachipeza?"

Ndinatola tsamba limene linagwa pansi.

"Ine chinsinsi chija ndinachisunga zaka makumi awiri ndi zinayi ndi pakamwa pokha. Popanda loko, popanda senya zakozo. Iwe anakupatsa makiyi a nyumba yonse, walephera Lachisanu limodzi." Anandikankhira mulu wa masamba. "Sankha. Akuda uku, ofiira uku. Uziyang'ana kaye usanaponye."

Tinasankha fodya mpaka dzuwa kupendeka.

8

Lero ndabwerera m'kabaraka pafupi ndi msika, kukonza mafoni ndi kukopa mapepala. Pamsikapo akuti ntchito ija ndinaipeza chifukwa ndine mwana wa shefi, mwana wa bwana. Ine, mdani wamkulu wa zachibale! Zaka zanga zinayi, makonta anga, chulu changa, zonse zafufutika, ndipo palibe rejisitu yoti ndizibwezeretsere. Sandro amandiimbira mobisa sisitema ikavuta. Ndimamuthandiza, alimi sanandilakwire. Ndalembetsanso kursu, maphunziro a pafoni, kuti ndipeze pepala la dipoloma lija. Ndikalipeza ndidzalikhoma pakhomo la kabaraka, ntchentche zilione.

Inu owerenga, makamaka anzanga amene munadziphunzitsa nokha n'kusungitsidwa makiyi a maofesi a eni, musafulumire kunena kuti ndikanatsegula kaye pasita ija. Inenso ndinaganiza choncho sabata ziwiri. Ayi. Ndikanapezamo kamtsikana kena ndikanaitumiza ndikuvina, chonsecho nakonso kali ndi mayi wake m'chigafa china. Anandilakwira, inde, ndipo mpaka lero ndikuti udindo uja unali wanga. Koma makiyi aja sanandipatse kuti ndiziweruzira milandu. Tsiku limene mkwiyo udzakuvekeni mkanjo wa woweruza, zimitsani komputadori, pitani kuseri mukaothe dzuwa. Chilungamo chochita ndi makiyi obwereka chimagwera amene sunawaone n'komwe.

Dzulo bambo wa chipewa chakuda anaima pakabaraka. Aonda. Pepala limodzi. Limodzi basi. Linali la ku ofesi ya kalembera, lovomereza kuti ndine mwana wawo. Malo awo anali atasaina kale, anga ali mbee.

"Kopi imodzi, menina."

"Makina a ku ofesi kwanu afa?"

"Ali bwino."

Ndinalikopa. Kopiyo anatenga iwo, lenilenilo anandisiyira patebulo.

"Senya ija munasintha?"

"Sindisintha."

"Akakuberani musadzandidandaulire."

Anavala chipewa n'kulowera cha kumsika wa mbatata. Pepala lija lili m'kabati, pansi pa mafoni akufa. Sindinasainebe. Koma ili lokha ndaliwerenga lonse, mpaka tizilembo ta pansi, kanayi.